Mkaka Wowawa

Mkaka unayamba kubwerera nyengo yotentha itangolowa. Poyamba anali makatoni ochepa ochokera ku sitolo imodzi, ndipo palibe amene anatekeseka. Kenaka lole yathunthu inabwerera yodzaza ngati mmene inapitira. Eni masitolo ankati ogula akudandaula kuti ukadula paketi mkaka sukutsanulika, ukutuluka mibulumibulu, chikhalirecho tsiku lothera ntchito lolembedwa pa paketipo lidakali kutali. Amene analimba mtima n'kulawa ankati ukuwawa ngati ndulu.

Pafakitale ya mkakayo panali mayi woyang'anira labotale. Anthu ankamutchula kuti Mayi Timbale, chifukwa nthawi zonse ankaoneka atanyamula timbale tagalasi tomeretsera mabakiteriya. Achimwene ake, amene aliyense ankawati a Nthunzi, ndiwo ankayendetsa makina otenthetsera mkaka, ndipo imvi zinawamerera ali pa makina omwewo. Amuna ake anali bwana wa matanki olandirira mkaka wochokera kwa alimi. Antchito ankaseka kuti mkaka ukalowa pageti umalandiridwa ndi mwamuna, kuphikidwa ndi mlamu, n'kukaweruzidwa ndi mkazi, ndipo kuti chatsala n'kungolemba dzina la banjalo pakhoma.

M'mawa umene lole inabwerera, Mayi Timbale anatsikira pabwalo lopakirira katundu. Anatola paketi imodzi n'kuifinya. Sinali yofufuma. Anaidula ndi mpeni, n'kukhuthulira mu tambula, n'kununkhiza. Mkaka umene wawonongedwa ndi mabakiteriya amoyo umasasa, umanunkha, paketi yake imatupa ngati chule. Uwu unalibe fungo. Anaviika nsonga ya chala n'kulawa, ndipo kuwawa kwake kunamutsalira kukhosi mpaka masana.

Akuluakulu sanachedwe. Mkaka wa m'mapaketi otere umakhala miyezi osaola chifukwa cha moto wa makina, ndiye ukaola, maso onse amapita kwa mwini moto. Dzuwa lisanapendeke a Nthunzi anaitanidwa ku ofesi ya bwana wamkulu. Mayi Timbale anakumana nawo pakhomo la chipinda chosinthira zovala, atanyamula magambutsi awo oyera mu jumbo.

"Achimwene, akuti chiyani?"

"Akuti ndikapume kaye. Zaka zonsezi ndakhala ndikupempha tchuthi akundikaniza, lero andipatsa ndisanapemphe." Anayesa kuseka, koma kusekako kunathera m'mphuno. "Chemwali, singano yoonetsa kutentha pa makina aja sinatsikepo. Ine ndimaiyang'ana kuposa mmene ndimayang'anira nkhope ya alamu ako kunyumba. Iwe ukudziwa."

"Ndikudziwa, achimwene."

"Ndiye kayeze. Sindikukupempha kuti undikondere. Kayeze basi."

Anatuluka pageti akuyenda mowongoka, alonda akuyang'ana kumbali.

Achimwene amenewa ndiwo anamulera makolo atamwalira. Iye ali ku sekondale, iwo ankagwira mashifiti awiri motsatizana, n'kumabwera kunyumba manja atasupuka ndi nthunzi. Tsiku limene analembedwa ntchito mu labotale, iwo anayendayenda fakitale yonse kuuza aliyense, mpaka oyendetsa malole, kuti wa jasi loyera uja ndi mlongo wawo.

Mayi Timbale anatenga mkaka wa m'mapaketi osiyanasiyana n'kuupaka pa timbale. Tina anatiika pofunda, tina pozizira, tina anatitsekera mopanda mpweya. Anadikira monga mwa lamulo la ntchito yake, n'kuwonjezerapo masiku ena. Timbale tonse tinakhalabe mbee, popanda ngakhale kadontho. Mu mkaka uja munalibe chamoyo. Moto wa achimwene ake unali utapha chilichonse.

Anapita nato timbale tija kwa bwana wamkulu. Bwanayo anali munthu wofatsa, koma masiku amenewo foni yake sinkapuma. Anayang'ana timbaleto atavula magalasi.

"Mayi, ine sindikukutsutsani. Koma eni fakitale akandifunsa kuti wayeza ndani, ndiyankha bwanji? Mbale ndi m'bale, m'makutu mwawo zimveka chimodzimodzi. Paja khoswe akakhala pa mkhate sapheka."

"Tumizani mkakawo kwina akayeze, bwana."

"Akapezanso kuti mulibe kanthu, mkaka wowawa uja tiuuza kuti ubwerere m'masitolo? Inu mwandiuza chimene sichinawononge mkaka. Ine ndikufuna chimene chawononga."

Mawu a mbale ndi m'bale aja anamupweteka kuposa mmene bwanayo anaganizira. Tsiku lotsatira anapempha chilolezo, nakwera basi kupita ku yunivesite kumene anaphunzira. Aphunzitsi ake akale anali adakalipo, m'kachipinda komweko konunkha sipiriti, mabuku ali mbwee mpaka pa mipando. Anali gogo wamkazi wamfupi, wosachedwa kukalipa, amene moyo wake wonse anauthera pa tizilombo toononga chakudya. Anamvetsera nkhani yonse akupukuta magalasi ndi mpendero wa jasi.

"Mwana wanga, iwe ukusaka wakuba m'nyumba, chikhalirecho wakubayo anafa kalekale. Waiwala zimene ndinkakuphunzitsani? Kachilombo si mwala. Ukakasinthira malo, nako kamasintha zimene kakupanga m'thupi mwake. Kakamva kuzizira kamaleka kupanga mapuloteni ena n'kuyamba ena oti kapirire nawo. Ukathire mchere, ukamane chakudya, kachita chimodzimodzi. Tsono pali mabakiteriya ena amene firiji saiopa. Akakhalitsa mu mkaka wozizira n'kuchulukana, amayamba kutulutsa puloteni wina wogwira ntchito ngati lumo, wodula-dula mkaka kuti iwo adye. Ukabwera ndi moto wako, eni akewo amafa onse. Koma lumo lija silimva moto. Limalowa nawo m'paketi, n'kumadula pang'onopang'ono pa shelefu, mpaka mkaka kugwirana n'kuwawa."

Mayi Timbale ankazikumbuka zimenezi ngati nyimbo ya kale. Ku fakitale ankayeza zinthu ziwiri zokha: ngati mkaka wa alimi wasasa, ndi ngati mu mkaka wophikidwa mwatsala chamoyo.

"Tandiuza," anatero aphunzitsiwo, "mkaka wanu umagona nthawi yaitali bwanji m'matanki usanapite pa moto?"

Iye anangoyang'ana manja ake.

"Ndafunsa zovuta?"

"Ayi, mayi. Kale tinkaphika tsiku lomwelo."

"Nanga pano?"

Matanki atsopano anafika kumayambiriro kwa chaka, aakulu, onyezimira, ozizira moti ukagwira chitsulo chake chala chimachita dzanzi. Maganizo obweretsa matankiwo anali a amuna ake a Mayi Timbale. Iwo anaona kuti n'kuwononga mafuta ndi magetsi kuyatsa makina tsiku ndi tsiku chifukwa cha mkaka wochepa; kunali bwino kuusonkhanitsa mpaka matanki adzaze, n'kuphika kamodzi. Mkaka ukazizira suwonongeka, aliyense ankadziwa zimenezo. Eni fakitale anawayamikira, anawakweza pa udindo, ndipo chithunzi chawo ataima pafupi ndi matankiwo chinapachikidwa m'khonde la maofesi. Mayi Timbale mwiniwakeyo ankayeza mkaka wa m'matankiwo m'mawa uliwonse n'kunena kuti uli bwino, chifukwa sunkasasa.

Pobwerera, mu basi, anadziuza kuti aphunzitsi aja akalamba ndipo amakonda kuona tizilombo tawo paliponse. Koma atafika ku fakitale sanapite ku labotale. Anapita ku matanki ndi botolo, natsegula kampopi ka pansi. Amuna ake anamuona ali pa makwerero ndipo anamukwezera dzanja akumwetulira. Iye anakwezanso lake.

Mkaka wa m'matankiwo anaupaka pa timbale, ndipo pa timene anatiika mu firiji panamera timadontho tambirimbiri toterera. Anatenga mabakiteriya amenewo n'kuwagawa m'mabotolo awiri a mkaka wabwino. Botolo lina analiika pofunda, lina pa kuzizira kofanana ndi kwa matanki, n'kulisiya nthawi yaitali monga mmene mkaka unkagonera. Kenaka ananyamula zonse kubwerera nazo ku yunivesite, kumene kunali chipangizo choonera mapuloteni. Amathira timadzi ta mabakiteriyawo pamwamba pa jelo yofewa, yoonekera ngati galasi, magetsi n'kumakoka mapuloteniwo kuwandandalika, aakulu kumtunda, aang'ono kumunsi. Akanyika jeloyo mu utoto wabuluu, puloteni aliyense amaoneka ngati kamzere.

Aphunzitsi anakweza jelo ija pawindo. Mabakiteriya anali amodzimodzi, ochokera pa kambale kamodzi, koma mizere yawo inali ngati ya mitundu iwiri. Kumbali ya ofundidwa kunali mizere imene kwa ozizidwa inazimiririka. Kumbali ya ozizidwa kunatuluka ina yatsopano, ndipo pakati pake panali umodzi wonenepa, wakuda bii.

"Ndi limenelo lumo lako," anatero aphunzitsi. "Koma mzere suweruza mlandu. Kaliyese."

Mayi Timbale anasefa timadzi ta m'botolo lozizira mpaka osatsalamo kachilombo ngakhale kamodzi. Anatitenthetsa ndi moto wofanana ndi wa makina a achimwene ake. Atatha anadonthezera timadzito mu mkaka wabwino wa m'paketi, mkaka wina n'kuusiya wopanda kanthu, n'kuika mabotolo onse pofunda kuti zimene zimatenga miyezi zichitike msanga. M'mawa uliwonse ankawapendeketsa mtima uli m'malere, akupemphera kuti asaone kanthu. M'mawa wina mkaka wa m'botolo lothiridwa unakana kutsetsereka. Analawa. Kunali kuwawa kuja kwa pabwalo.

Anakhala pa mpando nthawi yaitali, jasi lili pamiyendo. Achimwene ake analibe mlandu, ndipo zimenezi ndi zimene ankafuna kuyambira pachiyambi. Koma chimwemwe chinakana kubwera.

Linali Lamlungu masana pamene anawauza amuna ake. Iwo anali chogona pansi pa sinki kukhitchini, akumanga paipi yodontha. Iye anaika mabotolo awiri aja patebulo.

"Bambo, tatulukani kaye muone izi."

Anatuluka akupukuta manja. "Mwayamba kubweretsa ntchito kunyumba, mayi? Tiziphikira tiyi?"

Iye anafotokoza zonse, pang'onopang'ono, kuyambira pa timbale toyera mpaka pa mzere wonenepa. Amuna ake sanali munthu wopusa. Asanafike pakati, iwo anali atakhala pansi, sipanala ili m'manja.

"Ndiye mukuti ndi matanki anga."

"Ndikuti mkaka ukugona nthawi yaitali. Inenso ndinkauyeza n'kumati uli bwino. Tonse sitinadziwe."

"Tonse? Chithunzi chili m'khondemo ndi cha ndani?" Anaika sipanala patebulo mofatsa. "Wadziwa ndani wina?"

"Aphunzitsi anga okha."

Amuna ake anakankhira mabotolo aja kumbali.

"Mayi, ndikupempheni chinthu chimodzi. Eni fakitale akubwera kumapeto kwa mwezi. Akafika n'kupeza nkhaniyi ili yamoto, ine ndatha, sadzandimvera n'komwe. Ndipatseni mpata. Kuyambira mawa ndiyamba kutumiza mkaka ku makina msanga, mwakachetechete. Iwo akabwera n'kupita, ndikaonana ndi bwana wamkulu ndekha, ndikamufotokozera bwinobwino. Alamu aitanidwa, ndikulonjeza."

"Achimwene akhala pakhomo nthawi yonseyi anthu akuwaloza chala."

"Ndikudziwa. Kodi inu mukuganiza kuti ine sizikundipweteka? Aja ndi alamu anga, ndi amene anandipatsa inu. Masabata ochepa okha, mayi. Mlandu suola."

Iye anawayang'ana. Malaya awo anali atanyowa paphewa, ndipo m'maso mwawo munali mantha amene anali asanawaonepo chikwatiranireni. Anali mwamuna wabwino, wosamwa, wosakweza mawu, amene ankadzuka m'mamawa kukamutenthetsera madzi osamba. Anaganiza kuti achimwene ake ndi munthu wolimba, apirira zambiri, apiriranso izi. Anatenga mabotolo aja n'kuwabwezera m'chikwama.

"Mpaka kumapeto kwa mwezi," anatero.

Loweruka lotsatira anapita kukawaona achimwene ake. Anawapeza atakhala pakhonde, atavala malaya ositidwa bwino ndi nsapato, ngati munthu wodikira galimoto. Akazi awo, alamu ake a Mayi Timbale, anamukokera kukhitchini n'kumunong'oneza.

"Alamu, anzanuwa sakugona. Nthawi yopita kuntchito ikakwana amadzuka, kusamba, kuvala, n'kukhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Ku golosale anasiya kupita. Akuti tsiku lina atalowa, wina anafuula kuti bisani mkaka. Anthu n'kuseka. Mutu ukumawapweteka, koma kuchipatala akukana."

Atabwerera pakhonde, achimwene ake anamusunthira mpando.

"Nanga timbale tako tikuti chiyani, chemwali?"

Mawu anafika pakamwa. Iye anawameza.

"Tidakamera, achimwene. Zimatenga nthawi."

"Usathamange. Ntchito yothamangira ndi imene imapweteketsa anthu." Anasisita m'mutu. "Ukudziwa, masiku ano ndayamba kudzifunsa. Mwina tsiku lina ndinaphethira. Munthu ukamakula maso amanama. Mwina singano inatsika ine n'kuona ngati ili pomwepo."

"Simunaphethire."

"Iwe ukudziwa bwanji? Unalipo?"

Iye anayang'ana kumsewu. Anatsanzika msanga, akunamizira mitambo.

Eni fakitale anasintha tsiku lobwera, n'kulikankhira m'mwezi wotsatira. Amuna ake anamuuza zimenezi akuyang'ana m'mbale. Iye anati sangadikirenso. Iwo anati kwatsala pang'ono, zimene zapiririka kale n'zambiri. Anakangana motsitsa mawu, ndipo anadikirabe.

Foni inalira m'mawa wina iye akutsuka mabotolo mu labotale. Anali alamu ake. Achimwene anagwa pa mpopi akutunga madzi othirira maluwa, ndipo sankatha kuyankhula.

Kuchipatala anawapeza atagonekedwa pafupi ndi windo, kamwa litapotokera kumbali, dzanja lamanja lili lende pa bulangeti ngati si lawo. Maso okha ndiwo anali omwe aja. Atamuona anayesa kunena kanthu, koma panangotuluka mpweya ndi malovu. Iye anawapukuta ndi mpango wake. Dokotala anati ndi sitiroko, kuti magazi awo akhala akuthamanga kwa zaka osalandira mankhwala, ndipo kuti moyo wapulumuka koma za dzanjalo aona m'tsogolo.

Amuna ake anafika masana, akadali ndi jasi la kuntchito. Anaima kumiyendo kwa bedi osayandikira. Mayi Timbale anatuluka, iwo n'kumutsatira mpaka pansi pa mtengo, pamene anthu odikirira odwala amayanika zovala.

"Mawa m'mawa ndikukalowa kwa bwana wamkulu," anatero iye. Sanakweze mawu. "Sindikukupemphani chilolezo."

Iwo anagwedeza mutu akuyang'ana nsapato zawo.

"Tikalowa tonse," anatero.

M'mawa mwake anayala zonse pa desiki la bwana wamkulu: timbale, chithunzi cha jelo, mabotolo awiri. Anafotokoza mmene mabakiteriya amasinthira mapuloteni awo akakhala pozizira nthawi yaitali, ndi mmene puloteni mmodziyo amapulumukira pa moto. Anati aphunzitsi a ku yunivesite aona zonse ndi maso awo ndipo ali okonzeka kuchitira umboni, kuti pasakhalenso za mbale ndi m'bale. Bwanayo anatsitsa maso. Anapendeketsa botolo lija, mkaka osasuntha.

"Maganizo osunga mkaka m'matanki anali anga, bwana," anatero amuna ake. "Ndipo mayiwa anapeza zimenezi kale. Ndine ndinawapempha kuti adikire."

"Ine ndinavomera," anatero Mayi Timbale.

Bwana wamkulu anawayang'ana onse awiri, kenaka anayang'ana pawindo, kumene matanki ankanyezimira padzuwa.

"Inenso ndinaombera m'manja matanki amenewa," anatero. "Pa za kulakwitsa kwa matanki ndikanakumvetsani. Koma munthu uja wakhala pakhomo nthawi yonseyi." Sanamalize. Anatenga foni n'kulamula kuti mkaka wonse wa m'matanki usapite ku makina mpaka ataunikanso.

Zotsatira zake zinabwera mosachedwa. Mkaka unayambanso kuphikidwa tsiku lomwe wafika, ndipo labotale inayamba kuyeza mabakiteriya okonda kuzizira pa mkaka uliwonse wolowa. Amuna ake anachotsedwa pa matanki n'kutumizidwa ku nyumba yosungira makatoni opanda kanthu, kuseri kwa fakitale, kumene ankayang'anira anthu awiri ndi ngolo imodzi. Chithunzi chija chinatsitsidwa, pakhoma n'kutsala msomali. Mayi Timbale anadzudzulidwa pamaso pa akuluakulu, koma anamusiya pa ntchito, chifukwa panalibe wina wodziwa kuyeza zatsopanozo. Anthu a pafakitale anagawikana. Ena ankati ndi mkazi wolimba mtima, ena ankati mkazi wotani wogulitsa mwamuna wake, ndipo ena, amene anamva za kudikira kuja, ankangokhala chete iye akamadutsa.

Bwana wamkulu anapita yekha kunyumba kwa a Nthunzi atatulutsidwa m'chipatala. Anakhala pa mpando wa pafupi ndi bedi, chipewa chili m'manja, n'kuwauza kuti analibe mlandu, kuti fakitale inalakwa, ndipo kuti malo awo alipo ngati angachire. A Nthunzi anamvetsera. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope. Anatambasula dzanja lamanzere, bwanayo n'kuligwira ndi manja awiri. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti pa makina paja sadzabwererapo.

Alendo atapita, alamu ake anamuitana Mayi Timbale kuseri kwa nyumba, pa chingwe choyanikira zovala. Anali mayi wosaphunzira kwambiri koma wosaphonya kanthu.

"Alamu, ndikufunseni. Bwana uja wati zinadziwika ndi kuyeza kwanu. Munadziwa liti?"

Iye akanatha kuzungulira. Sanatero.

"Tsiku lija ndinabwera, iwo atakhala pakhonde, ndinali ndikudziwa kale."

Alamu ake anapitiriza kuchotsa mapegi pa chingwe, limodzilimodzi, akuwaponya m'kabeseni.

"Tsiku lija anakufunsani."

"Anandifunsa."

"Ine ndinamva ndili kukhitchini." Anapinda shiti n'kuliika paphewa. "Musadzawauze. Iwo akudziwa kuti chemwali wawo anawapulumutsa. Muwasiyire chimenecho, china alibe."

Analowa m'nyumba osatembenuka.

Dokotala anali atanena kuti matenda otere amabwera okha, kuti palibe angaloze tsiku kapena chifukwa, ndipo kuti munthu wa magazi othamanga chotere akanatha kugwa ngakhale ali pa ntchito. Amuna ake a Mayi Timbale anamubwerezera mawu amenewa kangapo. Aphunzitsi ake nawonso anamuuza chimodzimodzi, mokalipa monga mwa chizolowezi chawo. Iye ankamva, ndipo monga munthu wa labotale ankadziwa kuti n'zoona, kuti palibe njira yoyezera zimene zikanachitika. Koma sizinamupeputse.

Kunyumba kwawo kunalowa bata la mtundu wina. Sanasiyane, ndipo sanakanganenso. Ankakambirana za magetsi, za denga, za ana a abale. Amuna ake anachepa thupi. Anapempha kuti aziweruka msanga masiku amene a Nthunzi ankapita kuchipatala kukaphunzitsidwa kuyenda, ndipo ndiwo ankawanyamula kuwakweza m'galimoto, kuwadikira pa benchi, n'kuwabweza. Poyamba a Nthunzi ankangoyang'ana kutsogolo njira yonse. Pambuyo pake, lilime litayamba kumasuka, anayamba kuwalozera maenje a mumsewu ndi dzanja lamanzere, n'kumawadzudzula akagunda limodzi.

"Alamu," anatero tsiku lina, mawu akutuluka movutikira, "inu matanki anakukanikani. Galimotonso?"

Amuna ake anafika kunyumba n'kumufotokozera Mayi Timbale zimenezi akuseka, kenaka kusekako kunasanduka kulira, ndipo iye anawasiya alire.

Mayi Timbale ankapita kwa achimwene ake Loweruka lililonse. Iwo ankasangalala akamuona, n'kumauza alendo, liwu limodzilimodzi, kuti uyu ndi mlongo wawo wa jasi loyera amene anagwira tizilombo tobisala mu firiji. Iye ankangomwetulira. Alamu ake ankamulonjera mwaulemu, kumupatsa mpando ndi madzi akumwa ngati mlendo wochokera kutali. Kukhitchini, kumene kale awiriwa ankakhala mpaka kuiwala nthawi akuseka amuna awo, sankamuitanirako. Akati athandize kutsuka mbale, ankamuyankha kuti zatsukidwa kale. Zinakhala choncho mpaka nyengo ya mvula inafika.

Loweruka lina anafika mvula ikugwa, n'kupeza pakhomo pali zii. Achimwene ake anali ndi chimfine, ndipo usiku anali atadziipitsira pogona. Alamu ake anali okha, maso ali psuu, akulimbana kuti awadzutse n'kuwasintha zofunda, koma munthu wamkulu ngati uja sanali wonyamulika ndi mkazi mmodzi. Mayi Timbale anaima pakhomo la chipinda, ambulera ikudontha, osadziwa ngati alowe kapena abwerere pabalaza.

Alamu ake anamuyang'ana kanthawi.

"Mwaima chiyani pamenepo? Gwirani mbali iyo. Dzanja lodwalalo muzilichirikiza, lisalendewere."

Iye anaponya ambulera pansi n'kupinda manja a bulauzi. Anawadzutsa, anawasambitsa, anawaveka zoyera, achimwene ake akung'ung'udza kuti akazi awiri akumuvutitsa munthu wosalakwa. Atatha, alamu ake anamutuma kuti akatenthetse madzi ena, n'kumuuza pamene machesi ali, ngakhale iye ankapadziwa.